Mawaya Asanu ndi Awiri

Ku Chipoka ndinapitako ndisakufuna. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ndinapempha kuti anditumize kufupi ndi kwathu ku Mchinji, koma kalata itabwera inanena za sukulu ya kunyanja. Ndinafika m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sabata yoyamba ndinkayala chitenje pa simenti chifukwa matiresi ankawotcha msana. Ndinadziuza kuti ndikhalako chaka chimodzi basi. Ndinakhalako zaka khumi ndi zitatu.

Amene anandichedwetsa ndi bambo wina wa ku Dedza amene ankagwira ntchito ku njanji, yokonza matelefoni ndi zizindikiro za sitima. Tinadziwana chifukwa cha kawailesi kanga kamene kanasiya kulankhula. Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, ndipo m'thumba la malaya, mmene anzawo ankaikamo cholembera, iwo ankaikamo sikuludiraiva. Tsiku loyamba ananditchula kuti "aphunzitsi", ndipo sanasiye ngakhale titakwatirana. Ine ndinkangoti "bambo".

Tinabereka mwana mmodzi wamkazi. Ankangodwaladwala, lero kutsegula m'mimba, mawa zilonda m'kamwa, ndipo anatisiya asanakwanitse zaka ziwiri. Tinamuika, tinabwerera kunyumba, aliyense n'kupitiriza ntchito yake. Za chimene chinamutenga sitinafunse madokotala, ndipo ife awiri sitinafunsanenso.

Zipani zambiri zitabwera anthu anavina m'misewu, ifenso tinavota nawo mosangalala. Sipanapite nthawi yaitali, ku njanji anayamba kuchepetsa antchito. Amuna anga analandira kalata yawo Lolemba m'mawa. Tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kukachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Ubwino wake kanali ndi magetsi. Anaika tebulo pakhonde n'kumakonza mawailesi, matochi ndi mawotchi a pakhoma. Ntchitoyo inali yochepa kwambiri kwa munthu wa nzeru ngati zawo. Ndikamachoka ku sukulu ndinkawapeza atangokhala, akuyang'ana kumene kunali siteshoni. Sitima ikalira ankayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Yachedwa." Kenako anayamba kumwa. Sankachita phokoso kapena kumenya munthu ayi. Ankangobwera n'kugona ndi nsapato zomwe.

Zinthu zinasintha pamene mng'ono wawo, alamu anga, anabwera kuchokera ku Joni kumene ankachita bizinesi yoodako katundu. Anabwera ndi TV yaing'ono ndi kabokosi kotuwa kokhala ndi chivindikiro chozungulira pamwamba. Anati imeneyi ndi gemu. Umailumikiza ku TV, n'kuikamo chimbale chonyezimira, kenako umagwira kachipangizo ka mabatani m'manja n'kumalamulira tianthu ta pa kanemapo, tina tikumenya mpira, tina tikuthamangitsa magalimoto, tina tikuswana nkhonya. Nthawi imeneyo kanema wa dziko lathu anali asanayambe, TV inali yoonerera mavidiyo basi, ndiye alamu ankafuna kutsegula kachipinda pamsika koti anthu azibwera kudzasewera.

Vuto linali pa zimbale. Chimodzi chokha, chimene chinabwera ndi makinawo kuchokera kusitolo, ndicho chinkasewera. Kunsi kwake chinali chakuda bii. Zina zonse, chikwama chathunthu zimene anagula kwa ogulitsa m'misewu ya ku Joni, zinali zokopera, kunsi kwake zoyera ngati siliva. Ukaika chimodzi mwa zimenezo makina ankachizunguza pang'ono n'kuchikana.

"Andibera anthu aja," anatero alamu, atakhala pa mpando wathu manja ali kumutu.

"Usafulumire," anatero amuna anga. "Isiye pano masiku atatu."

Masiku atatu amenewo sanapite kumowa. Ndinkawapeza atagunditsa khutu pa kabokosiko, maso ali chotseka, akumvetsera mmene injini yaing'ono ya mkatimo inkazungulira. Tsiku lachitatu nditangofika anandiitana ndisanavule n'komwe nsapato.

"Aphunzitsi, bwerani mumve. Ikayamba imazungulira pang'onopang'ono. Apa ikufunsa khadi. Mukukumbukira anyamata a chipani aja pa geti la msika? Ulibe khadi, sulowa. Chimbale chakudachi chili ndi khadi yake yobisika, zokoperazi zilibe. Ikaona khadi imathamanga, ndipo sifunsanso."

"Ndiye mutani?"

"Kodi ifeyo tinkatani? Khadi imodzi anthu atatu. Wina akalowa ankaponyera mnzake pamwamba pa mpanda."

Anatenga kamtengo ka machesi n'kukanikiza kabatani kakang'ono kamene kamauza makinawo kuti chivindikiro chatsekedwa. Motero chivindikiro chinali chotsegula koma makina akuganiza kuti n'chotseka. Anaikamo chimbale chakuda chija. Chinazungulira pang'onopang'ono, kenako chinathamanga. Chitangoyamba kuchepetsa liwiro, anachizula ndi zala ziwiri n'kuikapo chokopera. Tinadikira. Pa TV panatuluka bwalo la mpira lobiriwira, anthu akukuwa. Amuna anga anaseka mokweza mpaka mayi woyandikana nafe anasuzumira pa mpanda. Kuseka kotero ndinali nditakumva komaliza mwana wathu ali moyo.

Njira ya machesiyo inali yovuta. Inkakanda zimbale, inkatopetsa injini, ndipo inkafuna zala zachangu. Alamu atabwerera ku Joni anafunsafunsa mpaka anamva kuti kuli kachipangizo kotchedwa chipu, kamene akakawotcherera mkati mwa makina, zimbale zonse zimalowa. Ulendo wotsatira anabwera nato tingapo m'kabotolo ka mapiritsi, pamodzi ndi pepala lojambulidwa mobwerezabwereza mpaka mizere ina yosaoneka. Kachipuko kanali kakuda, kochepa kuposa chikhadabo changa, ka timiyendo eyiti. Pa timiyendoto pankachoka mawaya asanu ndi awiri, opyapyala ngati ulusi, ndipo waya aliyense anali ndi kadontho kake pa bolodi lobiriwira la mkati mwa makinawo. Ukalakwitsa kadontho, kapena mtovu wowotchererawo ukagwera pamalo ena, makina onse afa.

"Kameneka ntchito yake n'kunama basi," anandifotokozera. "Makina akafunsa, iko kamayankha kuti khadi ilipo, khadi ilipo."

Ine mawu oti kunamawo anandikhala pamtima. Ndinali mphunzitsi, ndiponso ndinali m'gulu la amayi kutchalitchi. Tsiku lina tikudya ndinawafunsa.

"Bambo, kodi zimenezi si kuba?"

Anaganiza kaye, monga ankachitira nthawi zonse.

"Amene akukopera zimbalewo, mwina. Za iwowo sindingawayankhire. Koma munthu wagula makina ake, wawanyamula kuchokera kutali, ali m'nyumba mwake. Makinawo azimuuza kuti ichi usaike, icho usaike? Zimbale zenizenizo muno m'Malawi mungazigule kuti? Anthu amene anapanga zimenezi sankadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Chipoka."

Sindinakhutire kwenikweni, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ankalondola pa zonse. Koma ndinayang'ana munthu amene anali patsogolo pangayo, wometa bwino, wosanunkha mowa, ndipo ndinasiya nkhaniyo.

Mbiri inayenda. Magemu oterewa anali ochepa, koma aliyense amene anali nayo ankafika pa vuto lomwelo. Ankabwera anthu a mavidiyo ochokera ku Salima pa boma, ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay, madalaivala a malole amene ankatumidwa ndi mabwana awo ku Lilongwe. Amuna anga anaphunzira zambiri paokha. Anadziwa kuti mabolodi sali ofanana, kuti ena madontho ake ali malo ena, ndipo ankawasiyanitsa poyang'ana manambala a kunsi kwa kabokosi. Anadziwa chifukwa chake zimbale zina zinkaonetsa zithunzi zopanda mtundu, n'kupeza waya wokonzera zimenezo. Makina akakalamba n'kuyamba kudumphadumpha, ankawauza eni ake kuti aziwagoneka chagada, ndipo ankayendadi. Chaka chimenecho ndi theka la chotsatira ndi nthawi imene ndimaikumbukira ndikafuna kukumbukira banja langa lili bwino.

Matenda anayamba ndi mashingozi, amene anawazungulira nthiti za mbali imodzi. Atapola, kunabwera chifuwa. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, anawabaya majakisoni ambirimbiri, ndipo chinaleka. Koma thupi silinabwerere. Lamba anamuboola mabowo awiri atsopano. Mapazi ankawotcha, nsonga za zala zinachita dzanzi, ndipo diso lamanzere linayamba kuona tinthu takuda touluka. Anthu pamsika ankati akamadutsa amatsitsa mawu. Dzina la matendawo aliyense ankalidziwa, koma m'nyumba mwathu silinkatchulidwa.

Tsiku lina ndikuchokera ku sukulu ndinapeza tebulo la pakhonde lilibe munthu. Iwo anali m'nyumba, atakhala pa bedi, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. M'chipindamo munkamveka fungo la pulasitiki yopsa.

"Ndaipha," anatero osandiyang'ana.

Inali gemu ya bambo wina wachisilamu wa kumunsi kwa doko, mwini maboti awiri a usodzi, amene anagulira ana ake. Dzanja linanjenjemera pa waya wachinayi, kadontho ka mtovu kanagwera pakati pa timiyendo ta chipangizo chachikulu cha pa bolodi, ndipo diso silinakaone. Atayatsa magetsi, kanatuluka kautsi, basi.

Mwiniwake anabwera Lachisanu masana akuchokera ku mzikiti, atavala mkanjo woyera ndi kofia. Ndinali pakhomo ndikusankha mpunga, ndipo ndinamva zonse. Amuna anga sanazungulire. Anaimirira, ngakhale kuimirira kunkawavuta, n'kunena kuti makina afera m'manja mwawo, kulakwa ndi kwawo, ndipo ayesetsa kupeza ena. Bamboyo sanayang'ane makinawo. Anayang'ana manja a amuna anga, amene ankanjenjemera atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"A fundi, khalani pansi," anatero. Atakhala, anapitiriza. "Ine boti linandimirira ndi injini yatsopano. Ndinakasuma kwa ndani? Zonse mwini wake ndi Allah. Makinawa asungeni, mwina mudzachotsamo zida. Koma inuyo mukudya?"

M'mawa mwake kunabwera mayi wina ndi chambo zinayi m'beseni, n'kunena kuti atumidwa. Chifundo chimenecho chinawapweteka amuna anga kuposa mmene chipongwe chikanawapwetekera. Analongedza zida zonse m'katoni n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Aliyense wobwera ndi gemu ankamubweza ndi mawu amodzi, akuti asiya. Masabata awiri anangogona atayang'ana kukhoma. Phala ndikawapatsa ankamwa masipuni atatu.

Sindikudziwa bwinobwino chimene chinandigwira Loweruka lija. Ndikuganiza kuti anali mantha, poona kuti munthu akupita ndikumuyang'ana. Ndinakoka katoni ija, ndinalowetsa tebulo m'chipinda chochezera pafupi ndi zenera, ndinatsegula makina akufa a bambo wa maboti aja, n'kulumikiza chowotcherera ku magetsi. Ndinali nditawaonerera kambirimbiri, ndiye ndinkaganiza kuti ndikudziwa. Mtovu unasungunuka n'kupanga chibulunga chonyansa pa bolodi. Ndinayesanso, ndinadziwotcha chala, ndinakuwa.

Fungo ndi limene linawadzutsa. Ndinangoona aima pakhomo la kuchipinda atagwira felemu.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikuwotcherera."

"Mwachigwira ngati choko. Muwononga nsonga yakeyo."

"Ndiye ndiphunzitseni."

Anayang'ana chibulunga cha mtovu chija pa bolodi. Kenako anati, "Ndibweretsereni mpando."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka ku sukulu ndinkadya mwachangu n'kukhala pa tebulo mpaka dzuwa litachoka pa zenera. Iwo ankakhala kumanzere kwanga, diso labwino lili pafupi ndi bolodi, atagwira galasi lokulitsira zinthu. Anandiphunzitsa kupukuta nsonga ya chowotcherera pa kansanza konyowa, kupaka kamtovu pang'ono pa waya ndisanamufikitse pa bolodi, kutsamiritsa chigongono pa tebulo, ndi kutulutsa mpweya ndisanagunditse. "Tenthetsani malowo, osati mtovu," ankatero. "Wani, thuu, chotsani." Ndikachedwa kuchotsa, kadontho ka pa bolodi kankamatuka. Ndikafulumira, waya ankangogwira mwachinyengo, iwo n'kumukoka ndi chikhadabo, n'kuthothoka.

Anali mphunzitsi waukali. Ine amene ndinkalamulira ana osawerengeka m'kalasi ndinalira kawiri pa tebulo limenelo. Tsiku lina anandikalipira kuti ndili ndi manja olimira fodya, ndipo ndinawayankha kuti akawotcherere okha. Mawuwo atangotuluka ndinaona nkhope yawo ikugwa. Kenako anandigwira pa mkono ndi zala zawo zozizira zija n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi. Ndimakwiyira manja angawa, osati anu."

Pa bolodi lakufa lija ndinawotchererapo mawaya mwina kambirimbiri kuposa masiku a mwezi, kumatula, kuyambiranso. Pa tebulo pomwepo ndi pamene tinayamba kulankhula zimene tinazisunga zaka zonse. Mwina chinkathandiza n'chakuti tonse maso anali pa bolodi, osayang'anizana. Anayamba ndi za mwana. Anati amamulota akuyenda, pamene anamwalira asanayende bwino. Patapita masiku, ndili pakati pa waya wachisanu, ananena mwakachetechete.

"Nthawi imene ndinkayendera mawaya a njanji ku Balaka, tisanakwatirane ndiponso titangokwatirana kumene, kunali mayi wina. Anamwalira kalekale, ndinamva mochedwa. Ndikuganiza kuti ndine ndinabweretsa zimenezi m'nyumba muno. Kwa mwana. Mwinanso kwa inu."

Ndinamaliza waya ameneyo. Ndikukumbukira kuti anagwira bwino, mtovu wake wosalala ndi wonyezimira. Ndinazimitsa chowotcherera, ndinatuluka kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuchapa zovala zimene ndinali nditachapa kale dzulo lake. Masiku awiri sindinawalankhule. Ndinkawaphikira, ndinkawatenthetsera madzi osamba, koma pakamwa panga panali potseka. Iwonso sanandikakamize.

Anthu amandifunsa nthawi zina ngati ndinawakhululukira. Ndimayankha kuti inde, chifukwa pomaliza zinatero. Koma tsiku lachitatu lija chimene chinandibweza pa tebulo sichinali chikhululuko. Dalaivala wina wa lole anali atasiya gemu ya bwana wake ngakhale anauzidwa kuti ntchito inatsekedwa, ndipo anati adzaitenga Lolemba. Ndinaika kabokosiko pa tebulo n'kunena kuti, "Bwerani mundiuze kuti ndi bolodi liti ili." Amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba.

Mawaya asanu ndi awiri ananditengera m'mawa wonse wa Loweruka. Thukuta linkatsikira m'maso, iwo n'kumandipukuta pachipumi ndi mpango kuti lisagwere pa bolodi. Nditamaliza anayendera waya aliyense ndi galasi lawo, kawiri. Tinatseka, tinalumikiza ku TV, ndinaikamo chimbale chokopera. Chala changa chinakana kukanikiza batani.

"Yatsani," anatero. "Ikafa, tinena kuti ndine."

Ndinayatsa. Kunamveka kulira kuja kumene makinawo amayamba nako, chimbale chinazungulira pang'onopang'ono, kenako chinathamanga. Pa TV panatuluka magalimoto ali pa mzere. Amuna anga anawomba m'manja, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, ndipo ndinathamangira madzi. Atapuma anati, "Ndinachedwa kukulembani ntchito."

Miyezi yotsatira tinkagwira motere: iwo ankakhala pakhonde atavala jekete kuti kuwonda kusaoneke kwambiri, kulandira makina ndi kucheza ndi eni ake, ine n'kumawotcherera m'nyumba masana. Anthu ankadziwa kuti a fundi ayambiranso. Ine sindinkadandaula. Ndinkaona kuti dzina limenelo ndi limene linkawadzutsa m'mawa.

Chinsinsicho anachiulula okha. Kunabwera kalaliki wina wa ku boma, wa tayi, amene anakana kusiya gemu yake. Anati anamva kuti amisiri ena amasinthanitsa zida, ndiye akufuna aone ndi maso. Ndinali kuseri kwa chitseko ndikuganiza kuti amubweza. M'malo mwake ndinamva akuti, "Lowani muone." Bamboyo atalowa n'kundipeza ine nditakhala pa tebulo, chowotcherera chili m'manja, anabwerera m'mbuyo.

"Ayi bambo, ine ndabwera kwa inu. Chinthu chodula ngati ichi agwire mayi?"

"Makina onse amene atuluka pano kuyambira nthawi ya mvula awotcherera ndi aphunzitsiwa," anatero amuna anga. "Palibe ndi amodzi omwe amene abwerera. Ine manja anatha. Ngati simukufuna, nyamulani mupite nayo ku Joni."

Ananyamuladi n'kupita. Sabata yotsatira anabweranso, ndipo anaima kumbuyo kwanga ntchito yonse. Pochoka anati, "Zikomo mayi." Amuna anga nkhani imeneyi anaifotokozera aliyense wobwera kudzawaona, mpaka ena anaimva katatu.

Itatha Pasaka diso lachiwiri linayambanso. Kenako mutu unkawapweteka mosalekeza, khosi n'kuuma. Alamu anabwera kuchokera ku Joni, tinapeza galimoto, tinapita nawo kuchipatala cha pa boma. M'wodimo munali modzaza, ena atagona pansi pakati pa mabedi, ambiri amuna a msinkhu wawo womwewo. Masiku amene mutu unkaleka pang'ono ankandiuza kuti nditulutse kope limene ndinabwera nalo. Ankatchula mtundu wa bolodi, ine n'kujambula, iwo n'kumanena pamtima kuti waya woyamba apita pati, wachiwiri pati. Sankaonanso chimene ndajambula, ndiye ndinkawawerengera mobwereza, iwo n'kumakonza. Odwala anzawo ankaganiza kuti tikulemba za chuma chamasiye. Bambo wa pa bedi loyandikana anafunsa kuti, "Kodi muli ndi minda ingati, akulu?" Amuna anga anamwetulira n'kuyankha kuti, "Isanu ndi iwiri."

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ine nditapita kumalo ophikira odikirira odwala kukatenga madzi otentha. Sindinachedwe. Pobwera ndinapeza namwino akukoka nsalu yotchinga, alamu ataima panja pa wodi akuyang'ana pansi. Fulasiki ndinaigwirabe m'manja mpaka mayi wina amene sindinkamudziwa anadzandilanda.

Tinakawaika kwawo ku Dedza. Kunkazizira kwambiri, ndipo ine ndinali nditaiwala kutenga juzi. Maliro atatha achibale anakhala pansi kukambirana za katundu. Anatenga bedi, TV, njinga ndi mipando, ndipo sindinalimbane nawo, mphamvu ndinalibe. Amalume awo atatchula za zida zogwirira ntchito, alamu anaimirira.

"Zimenezo si za achimwene," anatero. "Achimwene anasiya kalekale kuzigwira. Ndi za alamuwa. Amene akuzifuna ayambe wandionetsa kuti amatha kuwotcherera."

Katoni ija inatsala ndi ine.

Ndinabwerera ku Chipoka n'kupitiriza kuphunzitsa. Magemu ankabwerabe, ndipo ndinkawakonza ndekha pogwiritsa ntchito kope lija. Ntchito inkayenda, koma m'nyumbamo munali zii. Ndinazindikira kuti ndikamawotcherera ndinkapendekera kumanja, kusiya malo kumanzere kwanga. Patatha chaka ndi miyezi, munthu wina anabwera ndi gemu ya mtundu watsopano, yakuda, yoimirira ngati buku pa shelefu. Ndinaitsegula. Bolodi lake linali lachilendo, madontho ake ang'onoang'ono ngati mchenga, ndipo pepala limene anabwera nalo linkaonetsa mawaya oposa makumi awiri. M'kope mwanga munalibe tsamba lake. Ndinaliyang'ana bolodilo masana onse. Madzulo ndinatseka, ndinabwezera masikuluwu onse m'malo mwake, ndipo mwiniwake atabwera ndinamuuza kuti apite nayo ku Lilongwe. Sindinatsegulenso gemu ina kuchokera tsiku limenelo. Alamu nawonso sanakhalitse. Anadwalira ku Joni, ndipo anabwera m'bokosi pa ngolo ya basi.

Ndinapempha kusamuka, ndipo ulendo uno anandilola kubwerera kwathu ku Mchinji. Kumeneko ndi kumene thupi langa linayamba kundiuza zimene ndinkazidziwa kale. Ndinaonda, ndinatuluka zilonda, ndinkajomba ku sukulu. Mng'ono wanga wamkazi, amene ndinkakhala naye, anandikoka dzanja kupita nane kukayezetsa. Nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kuperekedwa ulere m'zipatala. Panali patangopita zaka zinayi kapena zisanu chimwalirireni amuna anga.

Tsiku loyamba pa mzere wolandirira mankhwala ndinaona bambo wina atamubweretsa pa njinga, mkazi wake akukankha, mlongo wake atamugwirira kumbuyo kuti asagwe. Anali atatha kuposa mmene amuna anga analili pamene tinkapita nawo ku boma. Ndinati mumtima, uyu sabweranso. Patapita miyezi itatu ndinakumana naye pa mzere womwewo. Anabwera yekha, akupalasa njinga ija, ndipo ankadandaula kwa namwino kuti njala ikumuvuta, akudya ngati mnyamata. Anthu pa mzere anaseka.

Ine ndinalandira botolo langa, ndinatuluka, ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira ku Dedza. Mng'ono wanga anandipeza pamenepo n'kuyamba kundilimbikitsa kuti ndisaope, mankhwalawa akugwira ntchito, ndiona ndekha. Ndinamuuza kuti ndikudziwa kuti akugwira ntchito, n'chifukwa chake ndikulira. Sanamvetse, ndipo sindinathe kumufotokozera. Anakhala pansi pambali panga mpaka ndinatonthola. Kenako tinanyamuka kukakwera minibasi, chifukwa m'mawa mwake ana anga a Sitandade 8 anali ndi mayeso.